Nyale ya Mbande ndi Ngumbi za Alamu

Lolemba

Nyale yafika. Yabwera ndi wa kabaza kuchokera ku boma, m'katoni yomanga ndi mphira. Watumiza ndi Esinta, mwana wanga, amene amagwira ntchito pamalo ogulitsa maluwa ku Blantyre. Akuti kumeneko mbewu amazilera m'nyumba, dzuwa lake ndi la magetsi. Akutinso ndizilemba tsiku ndi tsiku momwe mbande zikuonekera. Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, dzanja limachedwa, koma ndilemba. Kungoti izi sadzaziona.

Ndiyambe bwinobwino, mutu ukhale pamodzi.

Matalala anaphwanya nazale yanga ya matimati panja. Ndinafesanso m'mabeseni atatu akale, n'kuwalowetsa m'chipinda chosungira chimanga, kuthawa matalala ndi mbuzi. Kumera zamera. Koma ndi zoonda, zotuwa, zazitali ngati ulusi, ndipo zonse zapendekera ku zenera ngati anthu oonerera ndewu.

Ndiye pali nkhani ya ndime. Kuseri kwa nthochi kuli ndime yotsetsereka, madzi sakhazikikamo, yabwino kwa matimati a dzinja. Ndi yokhayo imene mawondo angawa amafikako masiku ano. Munda waukulu uli kutsidya kwa mtsinje, ndinausiya. Ndikataya ndimeyi, ntchito yanga pakhomo pano ikhala yopirikitsa nkhuku.

Mwini ndime ndi alamu anga a Sitifano, achimwene awo a mayi a kunyumba. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Imvi zonsezi, dothi langa ndi la m'zikhadabo basi. Alamu anandibwereka ndimeyo, koma dzulo potuluka m'tchalitchi anandikokera pambali. "Alamu, Lamulungu likudzali ndidzaone mbande zoti n'kuwokera. Zikapanda kutero ndithiramo chimanga. Mvula yayamba, sindingasiye dothi likugona."

M'katoni muli nyale ziwiri. Ina yoyera, yobulungira ngati babu wamba. Ina yayitali ngati mzimbe, kuwala kwake kofiira mosakanikira ndi buluu, ngati duwa la mbatata.

Ndakwera mpaka pa mtengo wa mango wa kumtunda, pamene foni imagwira. Esinta akuti, "Ababa, yoyerayo ndi yabwino pa zonse, mbande muziziona nazo bwino. Yofiirayo ndi ya mbewu zokhazokha, maso anu idzawatopetsa. Sankhani imodzi, batire lanu ndi laling'ono."

Ndatsika ndikuganiza. Yoyera. Yofiira. Yoyera. Ndafika pakhomo ndisanasankhe, ndapeza amake Esinta asankha kale. Yoyera ili lende kukhitchini.

Chabwino. Ine ndimafunanso yofiirayo.

Malangizo a mwana, ndisaiwale:
Nyale ikhale pamwamba pa masamba, kutalika kwa chikhatho chotambasula.
Iziyaka tsiku lonse, kukada izizima, mbewu nazonso zimagona.
Zenera likhale lotsegula pang'ono, mbande zimafuna mphepo.
Madzi pang'ono. Wabwereza kawiri. Pang'ono.

Lachiwiri

Kupachika nyale. Mpando ndi waufupi. Ndagudubuza mtondo, ndauvundikira, ndakwerapo. Amake Esinta agwira mtondo ndi dzanja limodzi, lina lili m'chiuno. "Mukagwa mugwere uko, kuno kuli chimanga."

Chingwe chachepa. Nyale ili kumwamba ngati mwezi. Ndatsika, ndalumikiza luzi, ndakweranso. Tsopano yagunda masamba. Ndakweranso. Chikhatho changa ndi chachikulu, cha Esinta ndi chaching'ono, kodi amanena cha ndani? Ndati ndiyeze ndi cha amayi ake. Akuti m'manja mwawo muli ntchito.

Ndalumikiza ku batire. Yayaka.

Chipinda chonse chasanduka china. Matumba a chimanga ofiira, khoma lofiira, manja anga ngati a munthu wodwala. Ndayang'ana mbande, mtima wanga phaa. Masamba onse akuda bii. Zapsa!

Ndanyamula beseni kuthamangira pakhomo. Zobiriwira. Ndabwezera pansi pa nyale. Zakuda. Ndatulutsanso. Zobiriwira. Ndiye kuti ndi maso anga, monga ananenera mwana uja. Komabe mtima sukhulupirira. Pofika masana ndatulutsa mabeseni kangapo konse, msana ukuwawa, ndipo mbande ziwiri zathyoka pogunda chitseko.

Ndayesa kukhala pakhonde. Sizikutheka. Ndikangokhala, ndimamva ngati zikukula ine kulibe. Ndikalowa, zili momwemo. Ndathyola kamtengo, ndakazika m'beseni, ndalemba chizindikiro ndi khala pamene pafika mbande yayitali. Ndabwera kudzaona nditamwa madzi. Momwemo. Ndabweranso nditapirikitsa mbuzi. Momwemo, mwina kamtengo n'kamene katitimira.

Madzulo nkhondo ya batire. Batire ndi limodzi, sola ndi imodzi padenga, koma ofuna kudya ndi ambiri:
foni yanga,
foni ya amake Esinta,
mafoni a azimayi a kwaya amene amatchajitsa kuno chifukwa cha chifundo cha mayi a kunyumba,
wailesi,
nyale ya kukhitchini,
ndi matimati anga.

Amake Esinta akufuna wailesi, nthawi ya mauthenga a maliro yakwana. "Wina akamwalira ife osamva, mudzakawauza abale ake kuti timaunikira ndiwo?"

Ndazimitsa. Palibe wodziwika wamwalira. Nyale yanga yataya nthawi pachabe.

Lachitatu

Kwacha ndi mitambo. Phiri silikuoneka. Sola ili padenga ngati mbale yopanda kanthu, ndipo pofika chakumasana nyale ikungophethira.

Ndapeza nzeru. Masana ndizizimitsa, popeza ku zenera kumalowa kuwala pang'ono, batire lizipuma. Ndiziyatsa dzuwa likapendeka mpaka kutangoda, kuti tsiku la mbande litalike. Ndadzitamandira ndekha. Nzeru ngati iyi ku Blantyre sakuidziwa.

Mvula yagwa yamphamvu, yosiya msanga. Kenako bata, kafungo ka dothi, kutentha kwa chinyezi. Munthu wobadwira kumudzi ngati ine ndikanayenera kudziwa kuti madzulo otere amabweretsa chiyani. Koma mutu unali m'mabeseni.

Dzuwa litapendeka ndayatsa. Zenera lotsegula pang'ono, monga mwa malangizo.

Yoyamba yalowa imodzi, yazungulira nyale, yagwera m'beseni. Ngumbi. Ndaitola, ndaidya, ndikuti mlendo wabwino. Kenako zisanu. Kenako sindikuonanso nyale. Zikulowa pa zenera ngati utsi wobwerera m'nyumba, zikundigunda m'maso, m'makutu, m'kolala ya malaya. Ya kukhitchini yoyera ija yangokoka zochepa. Zonse zikufuna yofiirayi.

Ndaitana amake Esinta kuti adzandithandize kupulumutsa mbande. Afika, aima pakhomo, ayang'ana. Nkhope yawo yoteroyo ndinaiona komaliza tsiku la chinkhoswe cha Esinta.

Abwera ndi beseni losambira lodzaza madzi. Akankha mabeseni anga ndi phazi, aika lawo pansi penipeni pa nyale. Akukupiza ndi chitenje, ngumbi zikugwera m'madzi. Chitenje chomwecho chikusesa mitu ya mbande zanga.

Ndikuti, "Amayi, mbande."

Akuti, "Gwirani lichero."

Ndagwira lichero.

Akazinga zina madzulo omwewo, ndi kamchere. Ndinafuna kukana kuti aone kuti ndakwiya. Ndadya mbale yanga, ndapemphanso. Zonona. Ndilembe zoona, zonona kwambiri.

Lachinayi

M'mawa chipinda chadzaza mapiko, ngati munthu wapetera gaga m'nyumba. Mbande zakwiririka. Ndikuchotsa phiko limodzi limodzi ndi kaudzu. Ndatuluka kukatunga madzi otsukira masamba, chitseko ndasiya chotsegula.

Nkhuku.

Pobwera ndapeza thadzi lakuda lili m'kati mwa beseni ndi anapiye ake onse, likupalasa kufuna ngumbi zotsala. Likugwira ntchito mwakhama, dothi likuuluka mpaka pa matumba. Beseni limodzi latha. Atsala awiri.

Ndisanapume, odi pakhomo. Alamu a Sitifano, chidebe chopanda kanthu m'manja. Achigwetsa pansi kuti chilire.

Nkhani ndi iyi. Kuseri kwa nthochi, kumtunda kwa ndime ija, kuli chulu chawo. Pano chulu chili ndi mwini, ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti sutchera ngumbi pa chulu cha wina. Alamu akhala akuchikonza sabata yonse. Apala, akumba dzenje, aikamo chidebe, afunditsa ndi udzu ndi masamba a nthochi kuti ngumbi zikatuluka zizigwera momwemo. Dzulo zatuluka, zapeza mpata mu udzu, zaona kufiira pa zenera langa, zanyamuka zonse.

"Ngumbi zanga zili kuti, alamu?"

Ndawafunsa mwaulemu kuti akuzidziwa bwanji kuti ndi zawo, popeza zulu m'dera muno ndi zambiri. Apita okha pa mphasa pamene amake Esinta ayanika, atola imodzi, atafuna, atseka maso. "Zonona chonchi ndi za chulu changa. Za kwa a Biliati zimawawa."

Ndati ine sindinapite pa chulu chawo, ndinali m'nyumba mwanga. Akuti, "Kutchera pa chulu cha mwini ndi kuba. Kuziitana ndi nyale ndi kubanso, kungoti mwaba mutakhala pansi."

Ndayang'ana amake Esinta kuti andiikire kumbuyo. Akuyang'ana kumwamba. Kenako awapatsa achimwene awo mbale yodzaza. Alamu alandira, koma akuti iyi si malipiro, ndi umboni.

Potuluka asuzumira m'chipinda. Ayang'ana mabeseni nthawi yaitali. "Awa ndi matimati kapena tsitsi?" Sanadikire yankho.

Masana onse ndikuzungulira nyumba. Ngumbi ikakhala m'chulu ndi ya mwini chulu, izi ndikuvomera. Nanga ikauluka? Ikakhala pamwamba pa nthochi ndi ya ndani? Ikalowa pa zenera la mkamwini, m'nyumba yomanga ndi manja ake pa dothi la eni, ndi ya ndani? Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Kulikonse kumene ndikuyambira, ndikuthera pa dothi la eni.

Ndakwera ku mango kuimbira Esinta. Ndafotokoza zonse mwadongosolo. Kumbali inayo zii. Ndimayesa foni yaduka, koma ndi kuseka, mwana akulephera kupuma. Pomaliza akuti, "Ababa, munditumizireko pang'ono."

Ndatseka zenera ndi thumba, ndakhomera misomali. Za mphepo tiona m'tsogolo.

Lachisanu

Chipinda chikununkha ngati m'munsi mwa mtsuko. Makoma akutuluka thukuta.

Mbande zina zagona. Osati kufota, ayi. Zadukira m'chiuno, pamene tsinde limakumana ndi dothi, pada ndipo pafewa. Ndakhudza dothi, madzi akutuluka m'zala. Ndinathirira dzulo m'mawa potsuka masamba. Masananso, alamu atachoka, chifukwa manja analibe chochita. Madzulonso pang'ono. Mwana ananena kuti pang'ono, ndipo nthawi iliyonse ndimathira pang'ono.

Zochita lero:
osathirira,
osatulutsa mabeseni,
osayeza ndi kamtengo,
osalowalowa.

Ndalowa ndisanamalize kulemba mzere womalizawo.

Ndapita kukaona ndime kuti mtima ukhale pansi. Mizere ndinaunga kale, yowongoka, yoyembekezera. Ndaima pamenepo ndikuona matimati ofiira m'maganizo, mitengo yogwiriziza, dengu pamutu pa wina kupita ku msika. Ndatembenuka, ndaona thumba la mbewu ya chimanga lili pakhonde pa alamu, pamalo oti ndilione.

Mvula yagwanso, yasiyanso nthawi yomwe ija. Ndayatsa nyale, popeza zenera ndi lotseka. Ndaiwala mpata wa pakati pa khoma ndi malata. Kuwala kukutulukira pamenepo kuzungulira nyumba yonse ngati mkanda.

Alamu abwera ndi mpando wawo. Aukhazika pabwalo panga, moyang'ana nthochi. Sakulankhula ndi ine. Akungoona ngumbi zikudutsa pamwamba pa mitu yathu, n'kumauza mlongo wawo, "Izo zanga. Izonso zanga. Taonani ziwiri izo, zanga."

Ndalowa, ndazimitsa. Mbande mumdima, ngumbi zasokonezeka, zagwera paliponse m'chipindamo, kuseri kwa matumba, m'ming'alu. Amake Esinta akuti tizitola mawa kukacha. Achule awiri alowa pansi pa chitseko, sakudikira mawa.

Loweruka

Linthumbu.

Ndadzuka m'mamawa kukaona mbande, ndaponda pakhomo pa chipinda, moto m'miyendo. Mzere wakuda wonenepa ngati chingwe cha ng'ombe, kuchokera ku nthochi, kudutsa pabwalo, kulowa pansi pa chitseko. Labwera kudzatenga ngumbi zogona kuseri kwa matumba. Lili pa khoma, pa chimanga, m'mabeseni, ndipo tsopano m'thalauza langa.

Ndavina pabwalo gule amene sindinavinepo chibadwire. Azimayi opita ku mjigo aima ndi zidebe. Wina akuti, "Agogo, mawondo aja achira eti?"

Amake Esinta sataya nthawi ndi linthumbu. Atapa phulusa lamoto ndi chiwaya, awaza pakhomo, m'mbali mwa khoma, kuzungulira matumba. Chimanga choyamba, akutero. Chiwaya chachiwiri chathera pamene linthumbu linaunjikana kwambiri, ndipo linaunjikana m'beseni lapakati.

Latsala beseni limodzi. Muli mbande zoti n'kukwana m'dzanja limodzi, zopindika, zina zopanda mutu. Imodzi yokha ndi yooneka ngati tomato. Ndakhala nayo pansi, ndikuiyang'ana. Mawa ndi Lamulungu.

Ndaganiza zokagula mbande za wina ku msika wa ku Ligowe n'kuziika m'beseni langa. Alamu angazindikire, munthu wodziwa ngumbi yake polawa. Ndaganiza zolanda nyale yoyera ya kukhitchini, mwina siikoka zouluka kwambiri. Ndangoiyang'ana, amake Esinta akuti, "Igwireni muone."

Masana alamu afika, opanda chidebe, opanda mpando. Apereka moni wautali, afunsa za mawondo, afunsa za Esinta. Munthu akayamba chonchi ndiye kuti akufuna kanthu. Akhala pa mtondo, ayang'ana kuchipinda.

"Alamu, nyale ija imadya batire kwambiri?"

Ndati imadya ndithu.

"Ine ndili nalo la njinga yamoto ya mpongozi wanga."

Apitiriza.

"Tisavutane, ndife anthu amodzi. Nyaleyo ikakhale pa chulu mpaka ngumbi zithe. Ndimeyo limani chaka chino, sindidzabweranso kudzaona mbande."

Ndati ndiganize kaye. Ndazungulira nyumba kamodzi. Ndi nyale, mbande sizifika mawa zili zoti n'kuonetsa munthu, ndime ipita. Popanda nyale, ndime ikhala, mbande zikhala mumdima. Ndazunguliranso. Amake Esinta akuti ndikuwachititsa chizungulire.

Ndakwera pa mtondo, ndamasula luzi ndi manja anga. Alamu agwira mtondo ndi manja onse awiri, mosamala kwambiri, maso ali pa nyale.

Lamulungu

Ndisanapite ku tchalitchi ndatulutsa beseni lotsala, ndaliika pa thandala la mbale pamene nkhuku sizifika. Lero kulibe mtambo ngakhale umodzi. Ndati zilandire dzuwa lenileni, laulere, losafuna batire.

M'tchalitchi alamu akhala kutsogolo, milomo ikunyezimira. Dzulo madzulo chulu chinali chofiira ngati sitolo ya ku boma, ndipo akuti zidebe sizinakwane. Potuluka anthu awazungulira, a Biliati akufunsa ngati nyale imabwerekedwa. Alamu akuyankha ngati munthu amene anaitulukira yekha. Ine andipatsa moni wa dzanja limodzi.

Pobwera ndapeza mbande zonse zagona pa dothi, zofewa ngati ndiwo zofutsa. Yooneka ngati tomato ija nayonso. Ndathira madzi, sizinadzuke.

Ndakwera ku mango. Esinta akuti mbewu yokulira m'nyumba siitulutsidwa padzuwa tsiku limodzi, imayamba pamthunzi, kuzolowera pang'onopang'ono ngati wodwala wochoka m'chipatala. Akuti amayesa ndikudziwa. Ndati ndikudziwa tsopano. Wafunsa za nyale. Ndati ikugwira ntchito kwambiri, mudzi wonse ukuiyamikira.

Alamu atumiza mbale ya ngumbi. Akuti ndi mphatso, si gawo, ndisazolowere.

Amake Esinta atsuka mabeseni onse atatu, awavundikira pa thandala. Chipinda asesa, thumba la pa zenera achotsa. Akuti mbewu ya nyemba ilipo, ngati ndikufuna. Ndati ndiganize.

Chakumadzulo ndatsika pang'onopang'ono kupita ku ndime. Ndi yanga chaka chino, palibe wondilanda. Ndakhala pa mzere woyamba, ndatambasula miyendo. Mvula ya sabata ino yagwira ntchito. Chisoso chamera, bonongwe wamera, udzu wamera mizere yonse, wobiriwira, wonenepa, woimirira njo. Palibe anaufesa, palibe anauunikira, palibe anauyeza ndi chikhatho.

Mawa ndibwera ndi khasu.